Kadzanja Kamene Ndinachotsa pa Foda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili giredi 9, pamene makompyuta awiri analowa m'nyumba mwathu ku Matero, mu mzinda wa Lusaka. Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, ndipo mumsewu mwathu abambo ambiri ankapezeka pakhonde masana, atavala malaya osita bwino koma alibe kopita. Bambo anga nawonso anali atachotsedwa ntchito pakampani imene anagwirako ukalaliki kuyambira ine ndisanabadwe. Anzawo ena anagula maminibasi ndi ndalama zimene analandira pochoka, ena anatsegula tuntemba togulitsamo shuga ndi makandulo. Bambo anagula makompyuta awiri akale ndi pulinta imodzi, n'kukhoma chikwangwani pageti chonena kuti pano timataipa makalata. Ankati popeza tauni yonse ikufunafuna ntchito, tauni yonse ifunanso makalata ofunsira ntchitoyo. Sananame. Anthu ankabwera ndithu, ena ndi makalatawo, ena ndi mapulogalamu a ukwati kapena a maliro.

Kompyuta imodzi inali pabalaza pamodzi ndi pulinta, pamene bambo ankalandirira anthu. Inayo inali m'kachipinda kakumbuyo kamene kale tinkasungiramo makala. M'menemo ndi mmene azakhali anga a Esinati ankakhala tsiku lonse, kutaipa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Azakhaliwa anali achemwali awo a bambo, aakulu kwa iwo. Amuna awo atamwalira ku Kabwe, abale a malemuwo anabwera ndi lole n'kutenga zonse za m'nyumba, mpaka makatani ndi mapoto. Azakhali anafika kwathu ndi sutikesi imodzi. Miyezi yoyamba ankayenda m'nyumba mosamveka, ankadya pang'ono, ndipo akafuna sopo ankayamba apepesa kaye kwa mayi. Koma ali mtsikana anagwirapo ntchito ya utaipisiti mu ofesi ina ya boma, pa makina akale aja olira ngati matalala padenga, ndipo zala zawo zinali zisanaiwale. Makompyuta atabwera, azakhali anakhala ngati adzuka kutulo. Tinayamba kuwamva akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi kwinaku akutaipa, osayang'ana n'komwe zala. Chimene ankachiopa chinali mausi. Ankaigwira ndi zala ziwiri ngati kuti iwaluma, ndipo kanthu kachilendo kakatulukira pasikirini ankachotsa manja onse n'kuitana bambo.

Amene analumikiza makompyutawo anali ba Sakala, munthu wa kukomboni ya George amene ankakonza makompyuta a m'maofesi m'tauni. Anadutsitsa kebulo yotuwa kuchokera pabalaza, kutsata khoma, kulowa pansi pa chitseko cha kachipinda, n'kuikhomerera ndi timisomali topinda. Kompyuta yakutsogolo anaipatsa dzina loti PABALAZA, yakumbuyo KUCHIPINDA. Kenako pa yakumbuyoyo anapanga foda yotchedwa NTCHITO, n'kudina apa ndi apo, ndipo pansi pa chithunzi cha fodayo panaoneka kadzanja kotambasula ngati ka munthu wopereka mbale. Nthawi imeneyo bambo anali atapita kugeti kukalandira munthu, azakhali ali kukhitchini kuphikira mlendo tiyi. M'kachipindamo ndinatsala ndine, nditaima kumbuyo kwa mpando. Ndinafunsa kuti kadzanjako n'kachiyani.

"Aka?" anatero ba Sakala. "Ngati kalipo, ninshi kompyuta ya ku balaza izaona vonse vili mukati mwa foda. Ukakachotsa, siizaona kanthu." Anakachotsa n'kukabwezera kuti ndione, akuseka.

Bambo ndi azakhali anangophunzitsidwa zoyenera kuchita tsiku ndi tsiku: azakhali akamaliza kutaipa asunge mu NTCHITO, bambo atsegule pabalaza n'kupulinta. Analemba malangizowo m'kope, mzere ndi mzere, ngati anthu olemba njira ya kumalo achilendo. Njira ina panalibe. Polowetsera disiketi pa kompyuta yakumbuyo panali pakufa kuyambira tsiku limene inagulidwa, choncho chilichonse chimene azakhali ataipa chinkayenera kudutsa m'kebulo ija kuti chifike papepala.

Lamulo la bambo linali loti ndisagwire kompyuta popanda iwo kundiuza. Panalinso lamulo lina losachita kunena. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo chichokereni pamene msuweni wanga wina anasiya sukulu chifukwa cha mimba, dzina la mnyamata likatchulidwa pakhomo pathu nkhope yawo inkasintha. Tsono m'kwaya ya achinyamata munali mnyamata wina, Kondwani, amene Lamlungu lina anandipatsa khadi lokhala ndi mawu a mizere itatu. Ndinaliwerenga mpaka linayamba kung'ambika popindira. Ndinkafuna kumuyankha, koma osati papepala long'amba m'kope ngati atsikana ena onse. Ndinkafuna kalata yopulinta, ya zilembo zopendekera ndi maluwa m'mphepete, ngati mapulogalamu a ukwati amene azakhali ankapanga.

Lachinayi masana azakhali ankapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndipo mayi ankakhala kumsika kogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zija, mpaka madzulo. Lachinayi limenelo bambo nawonso ananena kuti apita m'tauni kukagula mapepala. Nditamva geti likutsekeka, ndinalowa m'kachipinda n'kuyatsa kompyuta. Kalatayo inanditengera ola lathunthu, m'Chingerezi chimene ndinkachiona ngati chapamwamba kwambiri. Ndinaipatsa dzina loti MASAMU n'kuisunga mu NTCHITO, kuti ndikaitsegule pabalaza n'kuipulinta bambo asanabwere. Ndisanadzuke pampando ndinamva mawu awo. Mapepala anali atawapeza pafupi, pamsika wa ku Matero komweko, ndipo anabwera ndi munthu wofuna kalata. Ndinamva kompyuta yapabalaza ikuyatsidwa. Ndinaganiza kuti chotsatira n'kutsegula NTCHITO, ndipo bambo anali munthu woti fayilo imene sakuidziwa sangaidutse osaitsegula.

Ndikanatha kuifufuta kalatayo. Kwa zaka zambiri ndadzifunsa chifukwa chake sindinatero, ndipo yankho lake ndi lochititsa manyazi: inali yokongola, ndinaimvera chisoni. Ndinadina pa foda ija monga ndinaonera ba Sakala, n'kusankha kuti isaonekenso kwina. Kadzanja kanachoka. Ndinazimitsa kompyuta, kutulukira kukhomo lakumbuyo, n'kutenga tsache ngati munthu amene wakhala akusesa panja nthawi yonseyo. Mumtima ndinati mawa ndikaweruka kusukulu ndidzabwezeretsa, palibe adzadziwe. Tsikulo bambo sanatsegule n'komwe NTCHITO. Munthu uja ankangofuna kalata yaifupi, ndipo anamutaipira okha pabalaza pomwepo.

Chimene sindinachiganizire, ngakhale ndinkachidziwa bwino lomwe, chinali lipoti la ba Mwansa. Ba Mwansa anali namwino wochokera ku Kitwe, wokhala ku Chilenje, mayi wa ana atatu amene ankachita maphunziro owonjezera kuti akwezedwe pantchito. Lipoti lawo lomaliza linali la masamba oposa makumi asanu ndi awiri olembedwa pamanja, ndipo azakhali anakhala akulitaipa kwa milungu iwiri. Ankabwera kwathu akaweruka, atavala nsapato zoyera zakuchipatala, n'kukhala pafupi ndi azakhali kuwathandiza mawu ovuta a matenda. Azakhali ankawatchula kuti "ba mayo", kutanthauza amayi, ndipo nthawi zina ankawabweretsera malalanje. Lipotilo linkayenera kuperekedwa kukoleji Lachisanu, isanakwane 4 koloko madzulo.

Nditafika kunyumba Lachisanulo cha m'ma 1 koloko, ndinapeza geti lili lotsegula, nsapato zoyera zili pakhomo. Pabalaza mipando inali itakokedwa kuchoka kukhoma. Bambo anali atagwada pansi, malaya atanyowa kumsana, akutsata kebulo ndi zala kufunafuna pamene makoswe aluma. Ba Mwansa anali atakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo, maso ali pa wotchi yapakhoma. Azakhali anaima pakhomo la kachipinda atagwira manja kumbuyo.

Vutolo linaoneka cha m'ma 10 koloko, azakhali atangomaliza tsamba lomaliza. Bambo akatsegula pabalaza, dzina loti KUCHIPINDA linkaoneka bwinobwino, koma akalidina mkati munali mbee, ngati pepala losalemba. Anali atazimitsa makompyuta onse awiri n'kuwayatsanso kangapo konse. Anali atazula kebulo mbali zonse, kuiuzira, kuibwezera, n'kuona kuti timagetsi tobiriwira takumbuyo tikuphethira monga mwa masiku onse. Anayesanso disiketi, ngakhale ankadziwa kuti malowo ndi akufa, ndipo kompyuta inangobuula n'kukhala chete. Ananyamula pulinta kupita nayo m'kachipinda, koma kompyuta ya kumeneko inakana kuizindikira popanda sidi ya pulogalamu yake, imene inali kwa ba Sakala. Atapita kukaimba foni kumsika, anauzidwa kuti ba Sakala ali kumaliro ku Kafue, abwera mawa.

Ndinaima pakhomo, chikwama cha mabuku chili kumsana, ndikudziwa chimene chavuta, ndikudziwanso kuti kuchikonza sikungatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinaganiza zolowa m'kachipinda mozemba, koma bambo anadzuka pansi paja n'kulowa momwemo, n'kukhala pampando wa azakhali kutsogolo kwa sikirini. Kuti ndikonze, ndinkayenera kuwapempha kuti asunthe. Akanafunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo NTCHITO ikanatseguka, MASAMU akanakhala pamaso pawo.

"Tiza, usaime ngati mlendo," anatero bambo osandiyang'ana. "Kavule yunifomu."

Ndinapita kukavula. Ndinaipinda bwinobwino, kuika nsapato pamalo pake, kuchedwa dala, ndikuyembekezera kuti mwina bambo atuluka. Ndili m'chipinda chogona ndinamva mawu awo akukwera.

"Achemwali, ndikufunsani komaliza. Mwagwira chiyani?"

"Sindinagwire kanthu, achimwene. Ndangotaipa n'kusunga monga mwa masiku onse."

"Dzana zinthu zinali bwino, lero zakana. Amakhala pa makina awa ndani? Ndinakuuzani kuti mukaona chimene simukuchidziwa muziitana. Awa si makina anu a m'boma aja ongomenya ndi mphamvu!"

Anawakalipira achemwali awo aakulu pamaso pa mlendo. Ndinali ndisanamvepo bambo akuwayankhula chotero. Ndinatuluka n'kuima pakhomo la chipinda, ndipo azakhali anandiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo. Anangondiyang'ana kwa kanthawi, ngati akudikira kuti ndinene kanthu, kenako anagwetsa maso pansi.

Ba Mwansa ndiwo anadula nkhaniyo. "Ba Phiri, lekani kukalipa, nthawi iyenda. Ba mayo sangataipenso apa pa balaza? Tiyese chabe."

Inali itakwana 2 koloko. Aliyense ankadziwa kuti ntchito ya milungu iwiri singathe m'maola awiri, koma panalibe amene ananena. Azakhali anakhala pa kompyuta yapabalaza, ndipo ine anandipatsa mulu wa mapepala olembedwa pamanja kuti ndiziwerenga mokweza, iwo azitaipa. Ndinawerenga za amayi oyembekezera ndi kuchepa kwa magazi. Mapepalawo anali ndi fungo la mankhwala akuchipatala, ndipo m'mphepete mwa ena munali zolembalemba za mwana wamng'ono, amene ayenera kuti ankakhala pamiyendo pa mayi ake iwo akulemba. Zala za azakhali, zimene ndinali ndisanazionepo zikuphonya, tsikulo zinkaphonya. Ankalakwitsa, kufufuta, kulakwitsanso, ndipo nthawi iliyonse ankatembenukira kwa ba Mwansa n'kuti, "Pepani, mwananga." Kumbuyoku tinkamva bambo akuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta ija mosalekeza.

Tsamba lililonse limene ndinkayamba, ndinkadziuza kuti ndikamaliza limeneli ndinena. Ndikamaliza ndinkaona kuti nthawi yapita kwambiri, kuti tsopano funso silikhalanso la kalata yokha, koma loti n'chifukwa chiyani ndakhala chete nthawi yonseyi. Ndiye ndinkayamba tsamba lina. Pa nthawi ina ba Mwansa anandibweretsera madzi m'kapu, ati mawu anga akusasa. Ndinamwa n'kuthokoza.

Pofika 3 koloko ndi theka tinali tisanafike n'komwe tsamba la makumi awiri. Ba Mwansa anaimirira n'kusonkhanitsa mapepala awo, kuphatikizapo amene anali m'manja mwanga.

"Nizayesa kukamba nawo ku koleji," anatero. "Kapena azanimvelela." Sanakalipe. Ali pakhomo, akuvala nsapato, anatembenuka n'kuwagwira azakhali paphewa. "Ba mayo, musadandaule. Ni makina chabe."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa konse kwa bambo.

Bambo anakhoma kachipinda n'kuika kiyi m'thumba. Anati aliyense asalowemo mpaka ba Sakala atabwera. Madzulo azakhali sanadye. Mayi atabwera kuchokera kumsika n'kumva nkhaniyo anayesa kuwanyengerera, koma iwo anati mutu ukuwawa. M'chipinda chimene tinkagona awiri ndinawapeza atatsitsa sutikesi yawo pamwamba pa wadiropu, akuipukuta fumbi. Sanaikemo kanthu. Anangoipukuta n'kuikankhira pansi pa bedi, pafupi. Ine ndinatenga buku n'kunamizira kuwerenga.

Ba Sakala anafika Loweruka m'mawa, maso ali ofiira ndi tulo ta kumaliro. Kebulo sanaigwire n'komwe. Anayambira pabalaza, kudina KUCHIPINDA, n'kuona kuti mulibe kanthu.

"Kebulo ili chabe bwino, ba mudala," anauza bambo. "Sembe inafa, na dzina ili sembe silioneka. Makompyuta aonana, koma ya kuchipinda siipatsa inzake kanthu."

Tonse tinawatsatira m'kachipinda. Anayang'ana foda ija kamodzi kokha n'kufunsa kuti kadzanja kali kuti. Bambo sanamve zimene akunena, ndiye anawafotokozera ntchito yake, kenako anawonjezera mawu amene ndinkawaopa.

"Aka sikachoka keka. Pali wamene anakachotsa. Ufunika kudina katatu kuti kachoke, si vangozi."

Bambo anatembenukira kwa azakhali. Ulendo uno sanakalipe. Anangopukusa mutu, monga mmene munthu amachitira ndi mwana wosamva.

Azakhali anakonza chitenje chawo m'chiuno. "Mwina ndine," anatero motsitsa mawu. "Maso anga sakuonanso bwino masiku ano. Mwina ndinadina posayenera. Mundikhululukire, achimwene. Ndikuona ngati ntchito imeneyi yandikulira."

Ndinali nditapirira kukalipa kwa bambo, nkhope ya ba Mwansa, ndi sutikesi ija. Koma kumva munthu wamkulu akupepesa mlandu wanga, ndi mawu okonzedwa bwino osonyeza kuti anawaganizira kalekale, zinandikanika.

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinachita kubwereza. "Atate, ndine ndinachotsa. Lachinayi, inu mutapita kukagula mapepala."

Ba Sakala anayang'ana pansi. Kenako anadina katatu, kadzanja kanabwerera, iwo n'kutuluka kupita pabalaza atanyamula pulinta. Posakhalitsa tinaimva ikukoka pepala loyamba la lipoti la ba Mwansa.

Bambo anakhala pampando. "Chifukwa chiyani?"

Ndinaloza pasikirini, pa dzina loti MASAMU. Ndinawauza kuti ndi kalata, ndinawauzanso amene ndinamulembera. Dzanja lawo linapita pa mausi, koma azakhali anaika lawo pamwamba pake.

"Musatsegule, achimwene. Ndinaiwerenga dzulo m'mawa. Mulibe choipa, n'zachibwana basi. Chingerezi chake ndiye chofuna kukonza."

"Munadziwa?" anafunsa bambo.

"Za kadzanjazo sindinadziwe. Ndinangodziwa kuti mwanayu anakhala pampando uwu. Ndikanakuuzani dzulo, mmene munalili muja, mukanamuchita chiyani?"

Bambo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kiyibodi, pulinta ikulira pabalaza. Kenako anaimirira, kupereka mpando kwa azakhali, n'kuchita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anagwada pasimenti yoderako ndi makala akale aja, n'kuomba m'manja.

"Achemwali, ndinalakwa. Ndinakunyozani pamaso pa anthu."

"Dzukani," anatero azakhali, "mwana akuona."

Ine sanandimenye, ngakhale mumtima ndinkafuna atandimenya kuti zithere pomwepo. Anadikira mpaka tsamba lomaliza litatuluka, kuika lipotilo mu envulopu yaikulu, n'kundipatsa m'manja.

"Upita ku Chilenje. Ukawapatse ba Mwansa, ndipo ukawauze ndi pakamwa pako chimene chinachitika. Usakanene kuti makina anavuta. Makina sanavute."

Azakhali anati andiperekeza. Minibasi ya ku Matero inatifikitsa m'tauni. Tinakwera yachiwiri n'kukhala kumbuyo, kudikira kuti idzaze, ogulitsa mazira owiritsa ndi maswiti akugogoda pawindo. Ndi pamenepo pamene azakhali anayankhula, maso ali kunja.

"Usaganize kuti ndiwe wekha ukukapepesa. Dzulo ndinali ndi anthu awiri patsogolo panga, ndinasankha iwe, ndinamusiya mayi uja. Ndinkaganiza kuti unena wekha. Nanenso ndili ndi mawu oti ndikanene."

Ndinalira chamumtima njira yonse, envulopu ili pachifuwa.

Ba Mwansa tinawapeza akuchapa mayunifomu panja, ana awo akusewera pafupi ndi mpanda. Ndinagwada n'kunena zonse, maso ali pa thovu la m'beseni. Azakhali nawonso ananena mbali yawo. Ba Mwansa anamvetsera manja ali m'madzi. Kenako anatiuza kuti kukoleji anawakanira. Lipoti lochedwa linkayenera kudikira gulu lotsatira, patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo udindo umene ankauyembekezera kuchipatala sukanawadikira.

Anandiyang'ana. "Iwe, pamene unali kuwerenga mapepala anga, ine nili apo niyang'ana nkoloko, unali kuziwa vonse?"

"Ee."

Anapukuta manja pachitenje, kulandira envulopu, n'kuona tsamba loyamba ndi lomaliza. "Mwataipa bwino, ba mayo," anatero kwa azakhali. Kwa ine sananenenso kanthu. Sanabwerenso kwathu, ndipo sindikudziwa ngati pambuyo pake anakwezedwa. Ndikakumana ndi anamwino achikulire ndimafunsa, koma sindinapezebe wowadziwa.

Azakhali anapitiriza kutaipa kwathu zaka zina zitatu, mpaka mwana wawo wamwamuna atapeza ntchito ku Chipata n'kudzawatenga. Kalata ija ndinaifufuta ndekha tsiku lomwelo. Kondwani sanailandire, ndipo patangopita miyezi yochepa anali akupereka makhadi kwa mtsikana wina wa m'kwaya momwemo. Bambo anakhala sabata yathunthu akungondiyankha mawu amodziamodzi. Kenako tsiku lina anandiuza kuti popeza ndikudziwa kuwononga, ndiphunzirenso kukonza, ndipo kuyambira pamenepo ba Sakala akabwera ndinkakhala pambali pawo. Ndiwo anandiphunzitsa kuti makompyuta akasiya kupatsana zinthu, usathamangire kuzula makebulo. Uyambe wafunsa kuti zinagwira ntchito komaliza liti, ndipo chasintha n'chiyani kuchokera pamenepo.

Lero ndimayang'anira makompyuta pasukulu ina ya sekondale kuno ku Lusaka, ndipo funso limenelo ndimalifunsa pafupifupi sabata iliyonse. Ndaona kuti kawirikawiri yankho lake limakhala ndi munthu wina amene ali m'chipinda momwemo, kaya mwana wasukulu kaya mphunzitsi, amene anadina chinachake dzulo ndipo tsopano akuopa. Choncho ndisanagwire kanthu ndimapempha akuluakulu kuti atuluke kaye, n'kunena poyera kuti palibe amene akalipiridwe. Ndimatero msanga, ola loyamba lisanathe, chifukwa ndikudziwa mmene pakamwa pamalemerera nthawi ikamapita.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti zimene ndinachita Lachinayi zinali mantha a mwana, ndipo zikanatha kukonzedwa Lachisanu cha m'ma 1 koloko ndi mawu awiri okha. Pa nthawi imeneyo ba Mwansa akanafika kukoleji nthawi ilipo. Chimene chinawalanda miyezi isanu ndi umodzi ndi maola awiri ndi theka aja amene ndinakhala pafupi nawo, ndikuwawerengera ntchito yawo, ndikumwa madzi amene anandipatsa. Azakhali anandikhululukira tisanatsike minibasi, bambo patapita sabata. Ba Mwansa sananene kuti andikhululukira, ndipo kwa zaka zambiri zimenezi zinkandiwawa, chifukwa ndinkaganiza kuti ukagwada n'kunena zoona, wolakwiridwayo ayenera kukumasula. Tsopano ndikuona kuti panalibe chowakakamiza kutero. Ine ndinataya kalata imodzi, iwo anataya zimene anavutikira zaka, ndipo kupepesa kwanga sikunawabwezere ngakhale tsiku limodzi.